GAWO LA IYE WOPANDA MANO

Pali funso limodzi limene sitilifunsa kawirikawiri m'misonkhano yathu, pakuti lioneka laling'ono, ndipo amuna ambiri aliyesa nkhani ya kumafuwa. Funsolo ndi ili: m'nyumba ya Mkhristu, pamene chakudya chapsa, kodi chilungamo chifuna kuti tigawe bwanji? Ambiri adzayankha msanga kuti tigawe mofanana, yense alandire monga mnzake. Yankho limeneli limveka lokoma. Koma tisanalivomere, tiyambe tayang'ana munthu mmodzi amene akhala nafe pa mphasa pomwepo, ndiye mwana wa miyezi 7 kapena 8, amene ali ndi mano awiri okha m'kamwa mwake, kapena alibe ndi limodzi lomwe. Iyeyu sadziwa kupempha, sangathe kukadandaula kwa ankhoswe, ndipo dzanja lake silifika pa mbale ya ndiwo. Tikampatsa chimene tidya ife, alephera kuchitafuna. Tikampatsa chimene chatsala, tampatsa msuzi wokha. Chifukwa chake nditi, chilungamo cha m'nyumba chiyesedwa ndi mbale ya iye wopanda mano.

Tiyeni tione poyamba umo Mlengi anampangira mwanayo. Pa miyezi 6 yoyamba anamkonzera chakudya chake m'bere la amake, chakudya choyera ndi chokwanira, chosafuna nkhuni kapena mphika. A zaumoyo pa dziko lonse agwirizana kuti pa miyezi imeneyi mwana asapatsidwe kanthu kena, kaya phala, kaya madzi, kaya mankhwala a zitsamba. Koma ikatha miyezi 6, thupi lake likula msanga, ndipo bere lokha silikwanitsanso zonse. Ayironi, chinthu chija chipanga magazi, chimene anabadwa nacho chosungidwa m'thupi, chiyamba kutha pa nthawi yomweyi. Pamenepo ayenera kuyamba kudya, akali kuyamwabe kufikira zaka 2 kapena kupitirira. Ndipo taonani chovuta chake: njala ya thupi ifika mano asanafike. Mano awiri am'munsi aphuka pafupi ndi mwezi wa 6, koma mano akumbuyo, amene ali otafunira, adza chaka chitatha, ndipo onse 20 akwanira mwana atayandikira zaka 3. Pakati ponsepa mwana afuna chakudya cha mphamvu, koma alibe chotafunira. Mtondo wa amake ndi munsi wake ndiwo mano ake.

Palinso chinthu china. Mimba ya mwana wotere ili yaing'ono, yonga kapu imodzi ya tiyi. Munthu wamkulu akhoza kudya mitanda itatu ya nsima ndi kupeza mphamvu ya tsiku lonse, koma mwana akamwa pang'ono wakhuta. Tsono ngati chimene chalowa m'mimbamo chili madzi, wakhuta madzi. Nanga ife timpatsa chiyani? M'midzi yambiri mwana apatsidwa phala la ufa woyera, lamadzimadzi, lothira kamchere kapena shuga, mmawa ndi madzulo. Ufa woyera ndi chimanga chokonola ndi choviika, chimene gaga wake ndi mtima wake zinachoka, ndipo momwemo ndimo munali mafuta ndi zambiri zomanga thupi. Akakula pang'ono timdulira nsima ndi kuiviika mu msuzi, pamene masamba enieni, nyemba zenizeni ndi nsomba yeniyeni zipita m'kamwa mwa ife amene tili ndi mano. Timuona wakhuta, wagona, ndipo tiyesa kuti tamdyetsa. Sitichita ichi ndi mtima woipa, iai. Tichita pakuti tinachipeza chomwecho. Koma chizolowezi chikhoza kuvulaza mwana monga momwe nkhanza imvulazira.

Zipatso zake tiziona ndi maso. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 alionse a m'Malawi osafika zaka 5, ana 37 anali opinimbira, ndiko kuti ofupika posayenera msinkhu wao. Kupinimbira kumeneku kuchitika makamaka kuyambira mwana ali m'mimba kufikira akwanitsa zaka 2, ndipo kukachitika nkovuta kukubweza. Sikukhudza msinkhu wokha, pakuti mwana wotere adwaladwala, ndipo kusukulu avutika kugwira maphunziro. Makolo athu anati m'mera mpoyamba, ndipo mau amenewa ali oona pa mwana monga ali oona pa chimanga.

Ena mwa ana athu atupa mapazi ndi nkhope, tsitsi lao lifiira ndi kupepuka, khungu lisupuka, ndipo akhala okwiya osafuna kusewera. Nthenda imeneyi inafotokozedwa bwino m'chaka cha 1933 ndi dokotala wamkazi, Cicely Williams, amene anagwira ntchito m'dziko la Gold Coast, limene lero litchedwa Ghana. Iye anaona kuti igwira ana odyetsedwa phala la chimanga lokha, ndipo m'chaka cha 1935 anailemba ndi dzina limene anthu a mtundu wa Ga anaitcha, kwashiorkor, ndiko kunena nthenda ya mwana wochotsedwa pa bere chifukwa mng'ono wake wadza. Kwathu kuno tikaona mwana watupa chotero, tifulumira kunena kuti ndi tsempho, ndipo tiyamba kufunsana amene wachita chosayenera, atate kapena amai. Abale, chigololo ndi tchimo pa lokha, ndipo mpingo suleka kuchidzudzula. Koma pamene akulu akhala pabwalo kufunafuna wolakwa, mwanayo ali kufooka, ndipo chimene afuna ndicho kunyamulidwa msanga kupita naye kuchipatala, kumene ali ndi mkaka wa mankhwala ndi chiponde zobwezera ana otere. Akachira, chomteteza kuti asatupenso chili m'mbale yake.

Tsono chimene mwana afuna sichichokera kutsidya kwa nyanja. Chili kuseri kwa nyumba ndi kudimba. Alangizi a zaumoyo atiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za nyemba, za nyama, za masamba, zipatso ndi za mafuta, ndipo mwana ayenera kulawa ambiri mwa magulu amenewa tsiku lililonse. Nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa, khwanya ndi chitambe zili ndi vitamini A, amene asunga maso ndi kuthandiza thupi kulimbana ndi matenda, ndiponso zili ndi ayironi. Maungu, mbatata yofiira m'kati, mango ndi papaya zili naye vitamini yemweyo. Koma vitamini ameneyu salowa bwino m'thupi popanda mafuta, ndipo apa tiona nzeru ya agogo athu amene anatiphunzitsa kutendera, pakuti nsinjiro zipatsa mafutawo pamodzi ndi zomanga thupi.

Kaphikidwe kake nkotere. Mai asambe m'manja ndi sopo, natenge masamba anthete odzaza dzanja limodzi, awasadzule, awatsuke ndi madzi oyera asanawadule. Awaphike m'madzi pang'ono, mphika uli wovundikira, kufikira afewe koma asanasanduke akuda. Asathiremo soda kapena chidulo, pakuti izi zifewetsa masamba koma zipha mavitamini ena. Ndipo madzi otsala mumphika asawataye, pakuti zabwino zina zasungunukira momwemo. Kenaka awasinje mu mtondo woyera kufikira asalale, ndipo kwa mwana wongoyamba kumene awapititse pa sefa. Phala likhale la mgaiwa, lothira supuni ya nsinjiro kapena ya ufa wa soya wokazinga, ndipo masamba aja awatakasire m'phalamo likali lotentha. Likhale lolimba kotero kuti mukapendeketsa supuni silitsika ngati madzi. Tsiku lina aphike dzungu kapena mbatata, aipote ndi nsinjiro. Tsiku lina atenge nyemba, khobwe kapena nandolo zopsa bwino, achotse makoko ake, azipote pamodzi ndi masamba. Usipa wouma ausinje ukhale ufa, nathire kasupuni m'phala. Dzira aliphike lipse ndithu, nalinyenye momwemo, pakuti ayironi wa m'masamba yekha sakwanira, ndipo za nyama zimuonjezera kwambiri. Nthochi yakupsa, peyala ndi papaya zifuna supuni yokha yozipotera, ndipo chipatso chodyedwa pamodzi ndi masamba chithandiza ayironi kulowa m'magazi. Phala lija lotchuka la Likuni, limene linatenga dzina lake ku mishoni ya Likuni pafupi ndi Lilongwe, maziko ake ndi chimanga ndi soya basi, zinthu zimene ambiri a ife tilima tokha.

Poyamba mwana alandire masupuni aakulu awiri kapena atatu, kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo muyeso ukwere pang'onopang'ono kufikira theka la kapu. Kuyambira miyezi 9 adye katatu kapena kanai, ndi kachipatso pakati. Ndipo chakudya chisakhalenso chosefa, koma chophwanya ndi chodula tizidutswa tofewa, kuti aphunzire kutafuna ndi usinini wake ndi kudzitolera ndi zala. Akhale ndi mbale yakeyake, pakuti m'mbale ya onse wamng'ono apambanidwa ndi akulu ake, ndipo amake sadziwa kuti wadya zingati. Akakana nkhwani lero musanene kuti sazikonda. Mwana akhoza kukana chakudya chatsopano ngakhale kakhumi, kenaka nkuchilandira. Musamkakamize, musamtsine mphuno kuti ameze, pakuti phala likhoza kulowa njira ya mpweya. Khalani naye pansi, muyang'aneni m'maso, lankhulani naye.

Zoyenera kupewa nazonso nzochepa. Mchere ndi shuga mwana wosafika chaka sazifuna. Uchi asaulawe chaka chisanathe, pakuti nthawi zina ukhala ndi tizilombo timene matumbo a khanda sangathe kulimbana nato. Mtedza wathunthu ndi chimanga chokazinga zitsamwitsa. Mtedza wa chuku, wofota kapena wowawa, autaye posankha, pakuti chuku chimenecho chili ndi ululu woononga chiwindi. Chigwada chifuna kusinjidwa ndi kuphikidwa nthawi yaitali chisanafike kwa mwana. Mkulu asamtafunire chakudya m'kamwa mwake, pakuti matenda apita ndi malovu. Phala logona, kapena lokhala maola ambiri pa kutentha ntchentche zikuterapo, ndilo gwero la kutsegula m'mimba kumene tizolowera kunena kuti ndi mano.

Ndidziwa kuti ena powerenga adzati, makolo athu anatilera ndi phala loyera lomweli, ndipo si ife tili pano? Indedi tili pano. Koma amene alankhula chotero ndi amene anapulumuka. Pitani kumanda a mudzi uliwonse wakale, muwerenge mitumbira yaifupi, ndipo mufunse agogo kuti anabala angati ndipo anakula angati. Sitinyoza makolo athu, pakuti anachita monga anadziwira, ndipo zambiri zabwino, monga kutendera, kufutsa masamba ndi kuyamwitsa nthawi yaitali, tinazilandira kwa iwo. Koma munthu amene wapatsidwa nyali, nayendabe mumdima chifukwa atate wake anayenda mumdima, sanalemekeze atate wake.

Ena adzati, ndife osauka. Mau amenewa ndiwalemekeza, pakuti njala ya mwezi wa Januwale ndi Febuluwale tiidziwa tonse, pamene nkhokwe yapepuka ndipo amai ali kuganyu. Koma tiyeni tinene zoona. Miyezi yomweyo ndiyo imene bonongwe ndi chisoso zimera zokha m'munda, ndipo nkhwani zichuluka kotero kuti zina zikalamba osathyoledwa. Amene afutsa masamba ake pa nthawi imeneyo, nawaumitsa pa mthunzi, ali ndi mfutso wosinjira mwana m'chilimwe. Ndiponso si kawirikawiri kodi kuti mtedza wonse upita kumsika pa nthawi yokolola, osasiyako ndi lichero limodzi la mwana? Si kawirikawiri kodi kuti mazira agulitsidwa, ndalama yake nigula sopo, kapena fodya, kapena choipa choposa fodya? Gawo la mwana ndi laling'ono ndithu: dzanja limodzi la masamba, supuni ya nsinjiro, tinsomba titatu. Nyumba imene ilephera zimenezi ilipo, ndipo imeneyo ndiyo ntchito ya mpingo. Koma nyumba zambiri zili nazo, chosowa ndi kukumbukira.

Ena, makamaka ife amuna, adzati iyi ndi nkhani ya akazi. Taganizani tsiku la mkazi wa m'mudzi. Adzuka kusanache, atunga madzi, alima, atola nkhuni, apita kuchigayo, aphikira banja lonse, mwana ali kumbuyo. Pamwamba pa zonsezi timuuza kuti aphike kamphika kena kanai pa tsiku, asinje, asefe, akhale pansi ndi kudyetsa mwana mosafulumira. Nthawi imeneyo aitenga kuti, ngati mwamuna wake ali pansi pa mtengo kusewera bawo? Mwamuna amene alandira mbale yoyamba ndi nthuli yaikulu chifukwa ali mutu wa banja, akumbukire kuti mutu ndiwo uli ndi maso oonera chiwalo chimene chifooka. Kulima kadimba ka masamba, kupatula mtedza wa mwana asanagulitse, kuwaza nkhuni, kunyamula mwana kupita naye kusikelo, ngakhale kugwira supuni ndi kumdyetsa, palibe chimodzi mwa izi chichotsa ulemu wa mwamuna. Ndipo inu agogo ndi apongozi, amene mau anu amveka koposa m'nyumba ya mai wachitsikana, musamletse chimene waphunzira kusikelo, koma mumthandize kusinja.

Potsiriza pali amene adzati, moyo uli m'manja mwa Mulungu. Mwana akalembedwa kuti akhala, adzakhala. Kuti moyo uli m'manja mwa Mulungu tivomera ndi mtima wonse. Koma munthu yemweyo salekera munda wake kwa Mulungu osaupalira, ndipo denga likadontha salipempherera chabe, alifolera. Mulungu apatsa mvula, napatsanso khasu ndi manja. M'buku la Marko, mutu 5, tiwerenga za mwana wamkazi wa Yairo, amene Ambuye anamuukitsa kwa akufa. Ndipo anthu akali ozizwa, Iye analamula kuti mwanayo apatsidwe chakudya. Amene anali ndi mphamvu yobweza moyo sanayese chinthu chopepuka kukumbutsa makolo za mbale ya mwana wao. Chozizwa anachichita Iye, koma kuphika anawasiyira iwo. M'buku la Genesis, mutu 21, Abrahamu anakonza phwando lalikulu tsiku limene Isake analeka kuyamwa, pakuti anthu akale anadziwa kuti mwana amene waoloka zaka zimenezi waoloka mtsinje woopsa. Ndipo mtumwi Paulo, polembera Akorinto, anadzifanizira ndi mlezi amene apatsa makanda mkaka chifukwa sanakhoze kulandira chakudya cholimba. Fanizolo likanakhala lopanda mphamvu kukadapanda kukhala koona kuti chikondi chiyang'ana mphamvu ya wolandira chisanapereke.

Apa ndipo pagona yankho la funso lathu. Kugawa mofanana nkwabwino pakati pa anthu ofanana mphamvu. Koma pamene mmodzi ali wofooka, kumpatsa chofanana ndi ena ndiko kummana. Chilungamo chifuna kuti wamng'ono ayambe ndiye kupatulidwira gawo lake ndiwo zisanathiridwe mchere ndi tsabola, ndipo kuti gawolo ligwiridwe ntchito yoposa magawo ena onse. Umu ndimo Mulungu achitira ndi ife. Sanatilankhule m'chinenero cha angelo, koma anatsika nakhala mwana woyamwa, nadya chimene amake anamkonzera, kuti ife opanda mano a kumvetsa zakumwamba tikhoze kulandira. Mkhristu amene asinja nkhwani za mwana wake atsanza, m'kanthu kakang'ono, chifundo chomwecho.

Mau awa asalase mtima wa mai aliyense amene anaika mwana wake m'manda. Ana amwalira ndi malungo, ndi chibayo, ndi matenda ena ambiri, ngakhale m'nyumba zosamala koposa, ndipo Mulungu yekha ndiye adziwa misozi ya makolo. Zapitazo tizisiya m'manja mwake. Ndilembera za ana amene ali pa msana lero, amene mbale yao ikali m'manja mwathu.

Chifukwa chake ndipempha akulu a mpingo, poyendera nyumba za Akhristu, asafunse za mapemphero a m'banja ndi chopereka zokha, afunsenso kuti wamng'ono wa m'nyumbamo wadya chiyani lero. Ndipempha amai a mumpingo kuti pokomana pakati pa sabata, tsiku lina adze ndi mtondo, masamba ndi nsinjiro, aphike pamodzi, kuti wodziwa aphunzitse wosadziwa popanda kumchititsa manyazi. Ndipo kumene kuli mwana wamasiye, kapena mai wodwala, kapena nyumba imene nkhokwe yake yatha, tikumbukire kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo kambale ka nsinjiro kotumizidwa mwakachetechete ndi chopereka cholandirika pamaso pa Mulungu. Pa ubatizo tilonjeza kulera ana athu m'njira ya Ambuye. Tiyeni tiwasunge ndi moyo ndi mphamvu kuti akayende m'njiramo.

Mtendere wa Mulungu ukhale pa nyumba zanu zonse, ndi pa ana anu.